Wotsimphina Sanyamula

A wapampando, azibambo ndi azimayi, makamaka inu anzanga amene mwasiya njinga zanu panjapo mutazikhoma ndi maloko awiriawiri ngati mwaitanidwa ku msonkhano wa akuba, landirani moni. Ine ndine Fabiano. Ena mumandidziwa kuti a Fabi a maphukusi, ena mumangoti mdala wotsimphina wa pa shedi uja. Mayina onse awiri ndi anga, sindikana.

Andiuza kuti ndinene mwachidule, ndipo ndiyesetsa. Koma ndiyambe ndi kutsuka dzina langa. Pa Boma pano pamayenda mbiri yoti ine nkhani ndimathira nsinjiro. Limenelo ndi bodza. Zonse zimene mumve pano zinachitika momwemo, ndipo mboni ndabwera nayo. Ndi Kosimasi uyo wakhala pafupi ndi chitseko, mnzanga amene ndapalasa naye njinga zaka zambiri. Tagwirizana kuti ndikanama akhosomole. Kungoti ali ndi chifuwa chiyambire Lolemba, ndiye musamawerengere kukhosomola kulikonse.

Ntchito yokapereka maphukusi ndinaiyamba matipate atangolowa kumene. Inali nthawi imene banja lililonse linali ndi m'bale ku Joni kapena m'tauni, ndipo m'bale aliyense ankafuna kuti kumudzi adziwe kuti zikumuyendera. Ankatumiza mabulangete, mawailesi a kaseti, mapoto, mabatire a galimoto oti anthu azionera kanema wa ku Zambia. Katunduyo ankabwera pa thiraki ya bwana wina wa ku Lilongwe n'kutsitsidwa pa shedi ya kuseri kwa msika. Kuchokera pamenepo miyendo ya katunduyo tinali ife, amuna asanu ndi mmodzi a njinga zakapalasa. Aliyense anali ndi njira yake. Kosimasi ankapita kwa Mlonyeni, ine kwa Mavwere.

Njira ya kwa Mavwere ndi yaitali, koma aliyense ankaisirira. Anthu a kumeneko salola kuti wobweretsa phukusi abwerere chimanjamanja. Uyu mtedza, uyu maungu, uyu nzimbe. Banja langa linkadyera pa njira imeneyo. Ndipo ndinkanyamula, abale anga. Tsiku lina ndinakweza bedi, matilesi ake ndi kabati pa kaliyala imodzi. Ine ndi njinga sitinkaoneka, anthu ankangoona katundu akuyenda yekha mumsewu. Pa sukulu ina ana anathawa m'kalasi, aphunzitsi ali patsogolo. Kosimasi sanakhosomole, mwaona nokha.

Woyang'anira shedi anali a Mbewe, kapitawo wathu, mkulu wa mpingo, munthu wosatukwana ngakhale chitseko chitawapana chala. Ankakhala pa mpando wandalema pakhonde, bolopeni ili kuseri kwa khutu. Ine ndisanalowe ntchito, munthu wina wa bondo lotupa anagwa ndi katundu pa mlatho n'kuthyoka mkono, ndipo a Mbewe zinawakhudza kwambiri. Anatenga khala n'kulemba pakhoma zilembo zikuluzikulu: WOTSIMPHINA SANYAMULA. M'mawa uliwonse ankatiyang'ana mmodzimmodzi tikukankha njinga kuchokera pageti kufika pakhonde, mapazi ngati makumi awiri. Ukangotsimphina pang'ono, ankakuuza mwaulemu kuti ukapume kunyumba, njira yako n'kupatsa wina.

Lamulo limenelo linali lachifundo. Ndibwereze kuti pasakhale wokanena zina kunjaku: linali lachifundo. Koma ife tinkalipidwa tikanyamula basi. Tsiku lopuma linali tsiku loti ana agone ndi njala, ndipo njira ikapita kwa mnzako masiku atatu, anthu a kumeneko amayamba kuzolowera iyeyo. Panalinso lamulo lachiwiri, losalembedwa pakhoma, limene tinadzipangira tokha: katundu wako ukweze wekha pa kaliyala. Ukapempha wina kuti akugwirire mbali, ankakufunsa ngati ukufunanso kuti akakupalasire ndi kukakutafunira chakudya.

Msana wanga unaonongekera pa batire la thiraki. Ndinawerama miyendo ili chiwongokere, ndinalikoka kamodzi, ndipo m'chiuno munalira ngati nzimbe ikuthyoledwa pa bondo. Agalu a kumsika anauwa. Ulendo ndinapita ndithu, koma m'mawa mwake ululu unali utatsika kuchokera m'chiuno mpaka ku chala chachikulu cha mwendo wakumanzere. Ndinafika pa ngodya ya msika ndikukoka mwendo ngati ndaubwereka kwa munthu wamfupi.

Apo m'pamene Kosimasi anandipeza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Aise, ukalowa choncho pageti paja, kwa Mavwere uiwale.” Ananditengera pansi pa mtengo wa mango pamene mkulu wina ankagulitsa sopo, machesi ndi mabatire a tochi pa kathebulo. Kunsi kwa kathebuloko kunali botolo la maswiti, koma munalibe maswiti. Munali timakapisozi tachikasu tochokera kutsidya kwa malire, topanda pepala, topanda dzina. Tinkangoti tachikasu. Ndinameza tiwiri ndi madzi a m'chigubu, tinadikira pang'ono, ndipo ndinalowa pageti ngati msilikali pa perete. A Mbewe anagwedeza mutu mokhutira. M'mawa wotsatira ndinalawirira pansi pa mango paja, ndipo ndinapeza anzanga onse asanu ali pamzere. Ndiye kuti shedi yathu inkayambira ntchito pamenepo, monga ena amayambira ndi pemphero.

Kutsetsereka kwake sikufuna mawu ambiri, ena a inu njirayo mukuidziwa. Tiwiri tinasanduka tinayi. Kenako tina masana pa dambo, tina pobwerera, asipilini pamwamba ngati ndiwo. Zonsezi m'mimba mopanda kanthu, chifukwa tinkanyamuka ndi tiyi yekha kuti dzuwa likamakwiya tikhale titapita patali. Ndinkatisunga m'kabokosi ka machesi. Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Ndinameza tambiri moti ndikadutsa pa mabampu m'mimba munkalira ngati chisekese. A kwaya ya kwathu anandipempha kuti ndizingoima kumbuyo n'kumagwedezeka. Ndinakana chifukwa cholemekeza nyumba ya Mulungu.

Ndinasandukanso dokotala wa njira ya kwa Mavwere. Matenanti a m'maesiteti akadandaula za msana nthawi yosoka fodya, ine n'kutsegula kabokosi, n'kuwagawira ngati ndikuchita zachifundo. Amenewo ndimawakumbukira ndikamapemphera, chifukwa sindidziwa kuti ndi angati amene ndinawaonetsa njira ya ku botolo.

Msana sunachire ayi. Unangosiya kundiuza. Ine n'kumanyamulabe ngati munthu wabwinobwino, n'kumauononga ndisakumva. Kenako mimba inayamba kuwotcha, pansi pa chifuwa apa, ngati wina waiwalamo mbaula. Tamverani nzeru zanga: ndinati mwayi wake mankhwala a ululu ndili nawo kale m'thumba. Ndinawonjezera tachikasu kuti tizimitse moto umene tomweto tinayatsa. Chimbudzi chinada ngati phula la mumsewu. Pepani azimayi, koma ndinene ndithu, chifukwa muno muli wina amene waona chake chotero m'mawa uno ndipo sanauze munthu.

Ndinaonda. Inali nthawi ija maliro ankachitika mowirikiza, ndipo munthu ukaonda anthu ankakhala atakupima kale ndi maso n'kutulutsa zotsatira. Anzawo a akazi anga anayamba kuwalankhula mofatsa kwambiri. Kalipentala wa mabokosi wa m'mbali mwa msewu anayamba kundipatsa moni wautali, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, milomo ikuwerengera matabwa.

Akazi anga, mayi a Tereza, ndi munthu wosachulutsa mawu. Tsiku lina pochapa anapeza kabokosi kaja. Ndinati ndi mankhwala a malungo. Anandifunsa kuti, “Bambo a Tereza, malungo ake ndi ati osatha zaka ziwiri?” Anatenga dzanja langa n'kulitembenuza, chikhatho chili mbuu ngati ndagwira ufa. Anandipempha kuti tipite kuchipatala. Ndinati kuchipatala kuli mzere, ndipo munthu sangakhale pa mzere wa kuchipatala ndi pageti nthawi imodzi. Iwo anakataya kabokosiko m'chimbudzi. Apa sindiseka. Ndinawatukwana pamaso pa ana, mawu amene sindingawabwereze muno, ndipo sabata yathunthu sindinawalankhule. Ndinali wokonzeka kutaya mkazi kuti ndisunge kabokosi ka machesi kopanda machesi. Pofika pamenepo sindinkamezanso chifukwa cha geti lokha. Ndikachedwa kumeza mutu unkawawa, thupi lonse linkakana, ndipo ululu ndinkauopa kuposa imfa.

Tsiku limene ndikufuna mulimvetse bwino linali la mu Okutobala, dzuwa lija loti ndi buluzi yemwe amapempha mthunzi. Katundu wanga anali mutu wa makina osokera, wachitsulo chenicheni, wochokera kwa bambo wina wa ku Joni kupita kwa akazi ake, mayi Nazulu, m'mudzi wa kuseri kwa esiteti ya fodya kwa Mavwere. Ndinameza tinayi pa mango, ndinadutsa pageti mowongoka. A Mbewe anati, “A Fabiano, anthu onse akanakhala olimba ngati inu, ntchito ino ikanakoma.” Ndinathokoza.

Theka loyamba la ulendo ndinapalasa. Theka lachiwiri ndinkangokankha. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inayamba kusinthana malo. Thukuta linali lozizira, mtima ukugunda m'makutu. Pa chitsime china ndinapempha madzi n'kumezanso tiwiri, poganiza kuti chizungulire nachonso ndi mtundu wa ululu. Ndinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Mayi Nazulu anali pakhonde ndi anzawo awiri akuswa mtedza. Ataona katoniyo anaimirira, kanthungululu kanalira, ndipo iwo anati andigwirire mbali potsitsa. Ndinakana. Amuna a pa shedi sagwiriridwa mbali, makamaka ndi azimayi.

Ndinamasula mphira. Ndinakumbatira katoniyo, ndinayenda nayo mapazi anayi, ndinaitula pakhonde bwinobwino osagunditsa. Chimenecho ndimanyadira mpaka lero. Ndinatulutsa buku losainitsa, ndinalitsegula, ndinaloza pamzere. Kenako bwalo la mayiwo, losesedwa bwino, linanyamuka pang'onopang'ono n'kudzandipeza kumaso. Ndinasanza. Poyamba zinali zakuda ngati masamba a tiyi otsala m'ketulo, pambuyo pake magazi ofiira. Ndinagona tsaya lili pa dothi lotentha. Nkhuku ina inabwera kudzandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutembenuka kundiyang'ananso ndi linalo, ngati ikufuna kutsimikiza. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaganiza za Mulungu, kapena za ana anga. Ayi. Ndinkaganiza kuti buku silinasainidwe, ndiponso kuti mawa pageti ndidzayenda bwanji.

Mayi Nazulu sanakuwe. Ananditembenuzira chammbali, anandipukuta kukamwa ndi chitenje, n'kupisa m'thumba la shati yanga kufuna chiphaso choti adziwire kwathu. Anapeza kabokosi.

“Achimwene, timeneti mwamwa tingati lero?”

“Tochepa, mayi.”

“Tochepa take tingati?”

Ndinayamba kuonetsa ndi zala. Dzanja limodzi litatha, anati basi, amva.

Anatuma anzawo aja kukaitana apongozi awo amene anali ndi ngolo. Anandigoneka pa matumba, ndipo kuti ndisagubuduke anandimanga ndi mphira zanga zomwe. Mfundo yawo inali yabwino kuposa yanga. Pa msewu wa tala mayi Nazulu anaimitsa galimoto ya matola, ndipo sanandisiye mpaka kuchipatala. Buku lija anabwera nalo. Ndinamva ndi makutu anga akuuza anesi kuti, “Ine ndasainira makina anga. Inu sainirani munthu wanuyu, kuti kwawo adziwe kuti wafika.” Anesi anasaina. Bukulo ndikadali nalo. M'mbiri yonse ya shedi yathu, phukusi limene linadzipalasira lokha theka la ulendo ndine ndekha.

Adokotala anandiuza zoona zokhazokha. Anati tachikasu tija, tikamamwedwa tsiku ndi tsiku m'mimba mopanda chakudya, timakumba zilonda, ndipo ine ndakhala ndikutaya magazi mkati kwa miyezi. Chimbudzi chakuda chija anali magazi anga. Anati otsalawo sangayendetse munthu, pakufunika ena msanga, abale abwere adzapereke. Mayi a Tereza, amene uthenga unawapeza tsiku lomwelo, anali oyembekezera, sakanatha. Anachoka pambali pa bedi n'kulunjika ku shedi.

Anzanga anabwera onse asanu, njinga zili mbuu ndi fumbi, ndipo pambuyo pawo a Mbewe wapansi, bolopeni ili kukhutu. Anawalowetsa mmodzimmodzi kukawabaya chala. Kosimasi anatuluka atabwezedwa. Wachiwiri anabwezedwa. Wachitatu ndi wachinayi chimodzimodzi. Wachisanu anakomoka atangoona singano, ndiye za magazi ake sitidziwa mpaka lero. Mukukumbukira mmene zinalili masiku amenewo munthu akabwezedwa pa magazi. Anaima m'khonde osayang'anana, aliyense akuganiza za akazi ake.

Adokotala anawaitanira onse pa bedi langa. Anati si zimene akuopazo, nkhani ndi yoti magazi awo ndi ochepa, sangagawire munthu. Amuna anayi a misinkhu yabwino, ntchito imodzi, vuto limodzi. Anawafunsa kuti amamwa chiyani. Mu wodi monse munangomveka diripi yanga ikudontha. Kenako Kosimasi anapisa m'thumba, anatulutsa kabokosi ka machesi n'kukaika pa bulangete langa. Wina anatulutsa kake m'sokosi. Wina m'chipewa, wina m'nsapato. Wokomoka uja anatumiza kake kudzera mwa anesi. Timabokosi tisanu pa miyendo yanga, mopanda ndi kamtengo kamodzi komwe ka machesi.

A Mbewe anatola kamodzi, anakatsegula, anakatseka.

“Zimenezi mumamwa nthawi yanji?”

“Tisanafike pageti, bwana,” anatero Kosimasi.

“Nonse?”

“Tonse.”

“Chifukwa chiyani?”

Kosimasi anayang'ana pansi. “Wotsimphina sanyamula, bwana.”

A Mbewe anabweza kabokosi kaja pa bulangete. Zaka zonsezo ankaweruka akuthokoza Mulungu kuti pa shedi pawo palibe wovulala. Anachotsa bolopeni kukhutu, koyamba chiwadziwireni, anaiika m'thumba, n'kuyamba kupinda mkono wa shati. Anafunsa adokotala kuti, “Nanga a munthu wongokhala pampando mumalandira?”

Magazi awo anapezeka ochuluka, onona, oti sanagwirepo ntchito chibadwire. Anandiika amenewo, ndi ena a mlamu wanga tsiku lotsatira. Ndikulumbira pamaso pa nonsenu: nditatsitsimuka ndinamva chilakolako chachilendo chokhala pa mpando wandalema n'kumaloza anthu ndi bolopeni. Ndinauza anesi kuti achedwa ndi mphindi zisanu. Kosimasi, chimenecho ndi chifuwa chabe.

Koma masana amenewo, ndikuyang'ana thumba la magazi likuphwa pang'onopang'ono pamwamba panga, ndinaganiza chinthu chimene ndinali ndisanachiganizepo. Pa shedi ponse paja tinkanamizana. Ife tinkanamiza a Mbewe, a Mbewe osadziwa n'kumanamiza bwana wawo kuti anthu ali bwino, ine n'kumanamiza akazi anga. Amene ankanena zoona m'mawa uliwonse unali mwendo wanga wakumanzere, ndipo ndi umene ndinkautseka pakamwa.

Mayi a Tereza ankandimwetsa phala ndi supuni. Tsiku lachitatu ndinawagwira dzanja n'kupepesa za mawu aja. Anapitiriza kuuzira phala. Anati, “Ndamva. Koma mudzanenenso mukadzachira, muli chiimire, ana aja alipo.” Ndinadzatero. Zinali zolemera kuposa batire la thiraki.

Kubwerera kunali kwapang'onopang'ono, ndipo sindikunamizani kuti kunali kokoma. Nditasiya tachikasu, ululu wonse umene ndinautsekera panja zaka ziwiri unalowa tsiku limodzi, ndi alendo ake. Mutu unawawa masabata awiri. Mankhwala a zilonda amene anandipatsa ndinamwa mpaka kutha, pa nthawi yake, osagawirako mnansi. Mayi wina wa kuchipatala woona za mafupa anandiphunzitsa kugona chagada pamphasa n'kumakokera bondo pachifuwa, m'mawa ndi madzulo, ana akuseka. Anandiphunzitsanso kunyamula: unyonyomale, katundu afike pafupi ndi mimba, miyendo ndiyo idzuke, msana ungoperekeza. Bambo wa ana atatu, kuphunzitsidwa kutola chinthu pansi. Anandiuzanso mosabisa kuti mwendo wakumanzere sudzabwerera mwakale, chifukwa ndinaupondereza nthawi yaitali uku ukulira.

Patatha miyezi iwiri ndinatenga njinga kubwerera ku shedi. Palibe anandiuza ngati lamulo lasintha, ndipo ine ndinkaopa kufunsa. Kunyumba ufa unali utatsala wa pansi pa thumba, mwana wachinayi ali m'njira. Njira yopita pageti imadutsa pa mango paja. Mkulu wa kathebulo anandiona, anati, “A Fabi, mwasowatu,” dzanja lili kale pa botolo. Ndinaima. Ndinaima nthawi yaitali ndithu, ndikudziwa kuti tiwiri tokha tingandidutsitse mapazi makumi awiri aja. Ndinagula machesi enieni, n'kupitirira.

Ndinalowa pageti ndikutsimphina. Sindinabise, sindinawonjezere. Phazi, kukoka, phazi, kukoka, tcheni cha njinga chikulira pambali. A Mbewe anali pampando pawo akundiyang'ana ngati kale. Nditafika pakhonde anandifunsa kuti, “Wakumanzere?” Ndinati, “Wakumanzere, bwana.” Anati, “Ndiye mwezi uno muzitenga timaphukusi topepuka ta pa Boma pano. Kwa Mavwere ndi kwanu, anzanu akungokusungirani.” Nditakweza maso ndinaona kuti pakhoma paja pawonjezeredwa ndi khala latsopano: WOTSIMPHINA SANYAMULA YEKHA. Nditacheuka, anzanga anali akulowa pageti, uyu akukoka bondo, uyu atagwira m'chiuno, uyu akuyenda chammbali ngati nkhanu. Shedi yonse inkatsimphina. Amayi a kumsika anaganiza kuti tayambitsa gule watsopano, ena anayamba kuwomba m'manja.

Zimene tinasintha si zodula. Tinapeza sikelo yopimira mtedza n'kuipachika pa mtanda wa denga, ndipo katundu woposa thumba la feteleza amadikira ngolo kapena amagawidwa maulendo awiri. Tinaika thabwa lotsetserekerapo katundu kuchokera pa thiraki. Kukweza pa kaliyala ndi anthu awiri, ndipo wonyoza mnzake wopempha thandizo amasesa shedi sabata yonse. Kosimasi wasesapo kawiri. Palibe amanyamuka asanadye kanthu, kaya ndi mbatata, kaya chinangwa, ndipo wovulala amapatsidwa zopepuka, njira yake n'kumusungira. Bwana wa ku Lilongwe anadandaula kuti katundu akuchedwa. A Mbewe anamuyankha kuti abwere adzapereke kaye magazi, kenako akambirane. Sanabwere.

Si onse tinapulumuka. Mmodzi mwa asanu aja anapitiriza mobisa, anasamukira ku ntchito ina yonyamula matumba, ndipo tinakamuika m'manda miyendo ndi nkhope zitatupa, impso zitaleka kugwira ntchito. Anali wamphamvu kutiposa tonse. Sindimutchula dzina, akazi ake ali pa Boma pompano.

Sindikunena kuti mankhwala a ululu ndi satana. Nanenso ndimamwa akandilembera kuchipatala, nditadya, masiku amene anena, n'kusiya. Ndikunena za botolo lopanda pepala, ndi za kumeza kuti bwana asaone. Inu a njinga zamoto musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ife akapalasa tokha, ndimakuonani mukutsika mutagwira msana. Mukafika kunyumba tembenuzani chikhatho, mukokere pansi chikope pa galasi. Mukaona mbuu, kapena chimbudzi chikada, musadikire Lolemba. Ndipo ngati kuntchito kwanu kuli geti longa lathu, musapite mmodzimmodzi kukadandaula. Pitani nonse, mukaike timabokosi tanu patebulo. Akapitawo ambiri si oipa, amangokhulupirira zimene timawaonetsa.

Kwa Mavwere ndinabwererako mvula itatha. Mayi Nazulu anandisokera shati ndavalayi pa makina omwe aja, ndipo thumba sanaikepo, mwadala. Nkhuku ija anandipatsa. Inandiyang'ana ndi diso lomwe lija ulendo wonse ili pa kaliyala, ndipo tinaidya pa ubatizo wa mwana.

Pakhomo apo Kosimasi wanyamula beseni. Si la chopereka. Amene ali ndi kabokosi ka machesi kopanda machesi akhoza kuponyamo potuluka. Palibe amene amuyang'ane, Kosimasi akhala akukhosomolera kumbali. Ine ndathera pamenepa. Tsopano ndibwerera kumpando wanga kumbuyo uko, ndipo ndi patali ndithu, mapazi ngati makumi awiri. Mundiyang'ane bwinobwino mmene ndiyendere. Ndi wakumanzere.